Kambalame ka M'bokosi Loyera

Amake Mapasa sankayembekezera kuti munthu wa bizinesi angakane ntchito yomupeza yokha pakhomo. Anali atasenza chikatoni cha zikwama, n'kukwera nacho masitepe mpaka m'chipinda chosindikizira, thukuta lili kamukamu. Koma mayi wa pamalopo atangoyang'ana foni imene anapatsidwa, anapukusa mutu.

"Chithunzi ichi sindingachiike pa zikwama zanu, mayi. Chikuwonongerani ntchito."

Mayiyu m'mawa ankaphunzitsa zojambula za pa kompyuta ku sukulu ya ntchito zamanja, masana n'kumayendetsa malo ake osindikizira pa nsalu, pa mapepala ndi pa zikwangwani. N'chifukwa chake aliyense ankangowatcha Aphunzitsi. Anali munthu wosapsa mtima msanga, ndipo kudekha kwawoko n'kumene kunawonjezera moto mumtima mwa Amake Mapasa. Munthu ukakhala pachangu, palibe chowawa ngati kukumana ndi munthu wodekha.

Changucho chinali ndi chifukwa chake. Amake Mapasa anali telala wa zaka zambiri, wosokera m'kachipinda kothina kuseri kwa sitolo ya utoto ndi misomali. Moyo wawo wonse unathera pa kufupikitsa mathalauza, kusintha mazipi ndi kuika zigamba pa mayunifolomu. Chaka chimenecho anayamba kusoka zikwama za nsalu yolimba ya buluu wodera, ndipo mwini sitolo yaikulu ya mabuku ndi mphatso ataona chimodzi, anachikonda. Anawalonjeza shelefu ya pakhomo penipeni, imene aliyense wolowa amayamba kuiona asanaone china chilichonse. Anangopempha zinthu ziwiri: chikwama chilichonse chikhale ndi chizindikiro cha wosoka, ndipo katundu afike Lachisanu limene anapangana, sitolo isanatsekedwe. Ananeneratu kuti osirira shelefuyo ndi ambiri, ndipo sangaisiye yopanda kanthu Loweruka.

Chizindikiro chinalipo. Amene anachijambula ndi mwana wawo wachisamba, mtsikana amene ankaphunzira zojambula za pa kompyuta kutali ndi kwawo. Maphunziro amenewo Amake Mapasa sanawakondepo. Ankafuna mwanayo akhale namwino, ndipo ankakonda kunena pagulu kuti ana a anzawo akuphunzira kubaya jekeseni, wawo akuphunzira tizithunzi. Komabe mtsikanayo atamva za shelefuyo, anajambula kambalame konyamula ulusi kukamwa, n'kutumiza mafayilo anayi pa foni ya amayi ake, pamodzi ndi uthenga wautali wofotokoza ntchito ya fayilo iliyonse.

Uthengawo sunawerengedwe. Amake Mapasa ataona kutalika kwake anati auwerenga akapeza mpata, ndipo mpata wa telala aliyense akuudziwa. Mwa mafayilo anayiwo, imodzi yokha ndi imene inaoneka bwinobwino pa foni yawo. Ina inaonetsa kambalameko pa mdima, awiri anakana kutseguka. Foni nayo inali itayamba kudandaula kuti yadzaza. Apa m'pamene analowerera alamu awo, mng'ono wa amuna awo, amene anthu ankawatcha Ainjiniya chifukwa tsiku lina kalekale anamenya wailesi yakufa ndi chikhatho n'kuyamba kulankhula. Chiyambire tsiku limenelo, panalibe chinthu cha magetsi chimene Ainjiniya ankavomera kuti sakuchidziwa.

Ainjiniya anati mafayilo osatsegukawo ndi zinyalala zongodya malo. Anatsegula chithunzi chimene chinkaoneka, anajambula sikirini ya foniyo kuti chizipezeka msanga, kenako anafufuta zina zonse, uthenga womwe. Amake Mapasa anawathokoza, mpaka anawasokera batani la malaya.

Chithunzi chojambula pa sikirinicho ndi chimene tsopano chinali m'manja mwa Aphunzitsi. Anachikokera pa kompyuta yawo n'kuchikulitsa kufika pa msinkhu woti chikwane pa chikwama. Kambalame kamene kankaoneka kosalala pa foni kanasanduka timabokosi ngati njerwa zosanjidwa ndi munthu woledzera. Ulusi wa kukamwa unazimiririka n'kutsala kamzere ka utsi.

Aphunzitsi anafunsa zonse zimene ankafuna kupanga ndi chizindikirocho. Amake Mapasa anati zikwama, sitika ya pa galasi la chitseko cha kachipinda kawo, ndi timapepala tomangirira ku zogwirira za zikwama. Aphunzitsi anati ntchito zitatuzo sizidya chakudya chimodzi. Anawauza kuti apemphe kwa amene anajambulayo fayilo ya SVG, ya PNG yaikulu yopanda chakumbuyo, ndi ya PDF, ndipo anawalembera zilembozo pa kapepala.

"Chithunzi ndi chithunzi, Aphunzitsi," anatero Amake Mapasa. "Pa foni chikuoneka bwino. Makina anuwa akuposa maso a munthu?"

"Pa foni n'chaching'ono ngati bokosi la machesi, mayi. Pa chikwama mukufuna chikhale ngati mbale. Amene anajambulayu ndi ndani? Mungomuimbira pompano, ntchito yake ndi yochepa."

Amake Mapasa anati amuimbira akafika kunyumba. Anasenza chikatoni chawo n'kutsika masitepe akung'ung'udza kuti anthu a sukulu amakonda kuumitsa zinthu zofewa.

Sanamuimbire. Kumuimbira kunali kuvomera kuti uthenga sanauwerenge ndipo mafayilo anafufutitsa. Kunalinso kuvomera kuti tizithunzi tija tili ndi nzeru zake zimene iwo, mayi wobereka, sakuzidziwa. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, koma mwambi umenewu timaukumbukira tikamanena za anzathu. M'malo moimbira mwana, anapita ndi kapepala kaja kwa Ainjiniya.

Ainjiniya anakawerenga n'kuseka mpaka kupukuta misozi. Anati zimenezo ndi njira za anthu a masitolo zoopsezera makasitomala. Anaonetsa alamu awo kuti dzina la chithunzicho likuthera ndi zilembo zitatu, JPG. Anazifufuta n'kulemba SVG. Anakopera chithunzicho kawiri, china anachitcha PNG, china PDF. Ntchito yonse inatha tiyi asanazizire.

"Mwaona, alamu? Zimene ena amapitira kusukulu zaka, ife timazichita titakhala pa mpando. Mwana musamuvutitse, ali ndi mayeso."

Mawa lake anapita onse awiri, Ainjiniya ali patsogolo, foni ili m'manja ngati satifiketi. Aphunzitsi anayesa kutsegula fayilo yotchedwa SVG ija, kompyuta inakana. Anayesa ya PDF, inakananso. Anayang'ana kukula kwa mafayilo atatuwo, anapeza kuti ndi ofanana ndendende. Anavula magalasi awo n'kuwayang'ana Ainjiniya kwa kanthawi.

"Bambo, mwangosintha mayina?"

"Ndawatembenuza," anatero Ainjiniya.

"Mukalemba kuti shuga pa chitini cha mchere, tiyi wake amatsekemera?"

Munthu wina amene ankadikira zikwangwani zake pa benchi anaseka, ndipo kusekako kunamaliza zonse. Ainjiniya anati sanabwere kudzanyozedwa. Aphunzitsi anayesa kufotokoza kuti dzina silisintha zam'kati, kuti fayilo ya SVG imachokera m'pulogalamu imene chithunzicho chinajambulidwira, ndipo wojambulayo ali nayo ndithu. Anabwerezanso kuti kumuimbira foni kamodzi kokha kuthetsa nkhani yonse. Koma Ainjiniya anali atanyamula kale chikatoni, ndipo Amake Mapasa, amene anachita manyazi pamaso pa anthu, anawatsatira osatsazika n'komwe.

Pakona ya msewu, pafupi ndi pokwerera mabasi, panali kashopu kena kosindikizira. Mwini wake anali bambo wosakonda mafunso, wokhala ndi timawaya ta nyimbo m'makutu tsiku lonse. Analandira chithunzicho osachiyang'anitsitsa, anafunsa kukula kwake basi, n'kunena kuti abwere Lachinayi. Ainjiniya anamugwira chanza, anati uyu ndiye wodziwa bizinesi.

Amake Mapasa anakayika pang'ono. Anafunsa ngati sangayambe ayesa pa chikwama chimodzi kuti aone. Ainjiniya anati nthawi yoyesayesa yapita, ndipo bambo wa pakonayo anati kuyatsa makina chifukwa cha chikwama chimodzi n'kutaya magetsi. Iwo anangoti chabwino. Apa m'podabwitsa: mayi amene sanaduleko nsalu ya munthu asanayeze kawiri, mayi amene ankalemba ndi choko n'kufufuta n'kulembanso, anasiya zikwama zake zonse m'manja mwa munthu amene sanachotse n'timawaya tomwe m'makutu.

Lachinayi masana anatsegula chikatoni ali pomwepo pa kauntala. Anatulutsa chikwama choyamba, anachiyang'ana, n'kutulutsa chachiwiri poganiza kuti mwina choyambacho chinangolakwika. Zonse zinali chimodzimodzi. Pakati pa nsalu yokongola ya buluu panali chibokosi choyera mbee, cholimba ngati pulasitala wa pa bala. M'kati mwake munali chinthu chofanana ndi mbalame yopondedwa ndi galimoto. Ndipo pamwamba pa bokosilo, pakona, pankaoneka bwinobwino kachizindikiro ka batire ya foni yawo, katatsala pang'ono kutha.

Anafunsa kuti bokosi loyeralo lachokera kuti, popeza iwo anafuna kambalame kokha. Bamboyo anachotsa kawaya kamodzi m'khutu.

"Ife timasindikiza zomwe mwabweretsa, mayi. Mwabweretsa bokosi, tasindikiza bokosi."

Ainjiniya anati vuto ndi nsaluyo, ikanakhala yoyera bokosilo silikanaoneka. Kenako anakumbukira kuti pali munthu amene akuwadikira kwinakwake.

Atafika kumalo awo osokera, Amake Mapasa anaviika chikwama chimodzi m'madzi a sopo, anachipikicha mpaka zala kuwawa. Anayesa kukanda ndi lumo, nsalu inayamba kutuwa koma bokosi lili pompo. Anayesa ayironi, kachipinda konse kananunkha pulasitiki. Madzi akatayika saoleka. Mkwiyo umene unawadzaza unasowa kopita, ndipo mkwiyo wosowa kopita umakonda kugwera mwana. Anatenga foni n'kuimba.

Sanapereke n'moni womwe. Anamuuza mtsikanayo kuti chojambula chake chawononga zikwama zonse, kuti mbalame yake ikuoneka ngati yakufa, kuti ngati zimenezo ndi zimene akuphunzira ndi bwino angobwerako adzawathandize kusoka mabatani. Analankhula nthawi yaitali. Mtsikanayo anadikira mpaka mpweya utawathera.

"Amayi, munawapatsa fayilo iti?"

"Imene inkaoneka."

"Nanga zina zija? Ndinalemba mu uthenga kuti ya JPG ndi yongoonera pa foni, musakasindikize."

Amake Mapasa asanayankhe, mwanayo anali atazindikira kale zonse, chifukwa anafunsa ngati foniyo inadutsa m'manja mwa bambo ake aang'ono. Sanakalipe, sananene kuti ndinakuuzani. Anangoti kambalameko anakajambula kwa masabata, akumafufuta n'kuyambiranso, chifukwa ankafuna amayi ake akhale ndi chinthu chawochawo. Kenako anapempha imelo ya malo osindikizira odalirika, amayi ake n'kumuwerengera ya Aphunzitsi imene inali pansi pa kapepala kaja, iye n'kunena kuti akulowa m'kalasi.

Lachisanu m'mawa Amake Mapasa anakweranso masitepe aja, ulendo uno okha, atanyamula chikwama chimodzi chowonongeka. Anayenera kudikira pa benchi mpaka Aphunzitsi atabwerako kusukulu, ndipo nthawi yonseyo ankakonza mawu opepesera. Aphunzitsi atafika anayang'ana chikwamacho, anaona kabatire kaja, n'kuluma mlomo kuti asaseke. Anangokoka mpando wachiwiri pafupi ndi kompyuta n'kuwauza kuti akhale. Imelo ya mwanayo inali itafika kale, mafayilo onse anayi ali momwemo.

Aphunzitsi anawafunsa chimene amachita kasitomala akabwera ndi chithunzi cha diresi la mwana n'kunena kuti akufuna lomwelo koma la munthu wamkulu. Amake Mapasa anati chithunzi sichisokedwa, pamafunika patani, ndipo patani ukakhala nayo umaikulitsa ndi miyeso mmene ukufunira, diresi n'kutuluka bwinobwino.

"Ndiye SVG ndi patani," anatero Aphunzitsi. "Siisunga timadontho ta mitundu ngati chithunzi. Imasunga mizere ndi miyeso yake. Muikulitse ngati khoma, muichepetse ngati batani, m'mbali mwake mukhalabe mosalala. N'chifukwa chake makina odulira sitika amafuna imeneyo. Kalumo kake kamatsata mzere, ndipo m'chithunzi chojambula pa sikirini mulibe mzere woti katsate."

Anatsegula fayiloyo. Kambalame kanadzaza sikirini yonse, koyera bwino, nthenga iliyonse ikuoneka payokha. Aphunzitsi anakakulitsa, n'kukakulitsabe, koma njerwa zija sizinabwere. Amake Mapasa anasendera pafupi. Kamzere ka m'khosi kamene pa foni ankakayesa mtundu wa nthenga kanali tepi yoyezera, yokhala ndi timizere take. Pa mlomo wa kambalameko panali timagalasi totsetsereka, mmene awo amatsetserekera akamalowetsa ulusi pa singano. Ndipo pansi pa phiko panasuzumira timitu titatu ta anapiye, kamodzi kokulirapo, tiwiri tofanana ndendende.

Amake Mapasa anakankhira magalasi awo m'mwamba ndi chala, kenako anazindikira chimene achita, n'kusiya dzanja lili m'malere. Chinthu chimene dzulo lake anachitcha mbalame yakufa chinali iwo amene, ndi ana awo. Anali atachinyamula m'foni kwa masabata osachiona, ndipo anathokoza munthu amene anachifufuta.

Aphunzitsi anawapatsa mpata, kenako anapitiriza mofatsa. Anatsegula ya PNG n'kuwaonetsa kuti kuseri kwa kambalameko kulibe kanthu, n'chifukwa chake foni yawo inkakaonetsa pa mdima. Imeneyo ikasindikizidwa pa nsalu ya buluu, buluuyo amaonekera mozungulira, popanda bokosi. Ya JPG siidziwa kusiya malo opanda kanthu, imadzaza ndi zoyera, ndipo ntchito yake yabwino ndi zithunzi za kamera ndi zoonetsa anthu pa foni. Ya PDF inali ya timapepala tomangirira tija: imagwira zilembo ndi miyeso kuti zisasunthe, kompyuta iliyonse ikatsegula imaona zofanana. Anawachenjezanso kuti fayilo yopita kosindikiza izitumizidwa pa imelo, pa fulashi, kapena pa foni ngati chikalata osati ngati chithunzi, chifukwa mapulogalamu ochezera a pa foni amakonda kufinya zithunzi kuti ziyende msanga.

Amake Mapasa anafunsa ngati pali mankhwala ochotsera bokosilo. Aphunzitsi anati palibe amene angalichotse osawononga nsalu, ndipo kusindikiza pamwamba pake kungangowonjezera nyansi. Onse awiri anayang'ana chikwamacho. Kenako Amake Mapasa anatambasula chikhatho pa bokosilo, anayeza ndi zala m'litali ndi m'lifupi. Zaka zonse zoika zigamba zinabwerera m'manja mwawo. Anati akhoza kudula nsalu zina, Aphunzitsi n'kusindikizapo kambalameko, iwo n'kuzisokerera pamwamba pa bokosilo ngati thumba lakunja.

Aphunzitsi anati nzeruyo ndi yabwino, koma ayamba ayesa pa kansalu kamodzi, ndipo ulendo uno palibe anatsutsa. Vuto linali nthawi. Nsalu ya buluu ija inali itawathera, ndipo anayenda masitolo angapo asanapeze yofanana nayo. Pobwerera anapeza makina ali ndi ntchito za anthu ena amene anabwera ndi mafayilo oyenera pa nthawi yake, ndipo Aphunzitsi sakanawadumphitsa. Kansalu koyesera kanatuluka kokongola moti Amake Mapasa anakagwira ndi manja awiri. Koma pamene nsalu zonse zinkatha kusindikizidwa, dzuwa linali litapendeka, ndipo thumba lililonse linkafunika kupinda, kusita ndi kusoka.

Anaimbira mwini sitolo kupempha kuti awadikire mpaka m'mawa. Iye anati akuwamvetsa, koma anawauziratu, ndipo sangalonjeze kanthu.

Loweruka m'mawa anafika pa sitolo ija ndi chikatoni chawo, msana ukuwawa, maso ali psuu. Sanafunikire kufunsa. Shelefu ya pakhomo inali yodzaza ndi makandulo onunkhira, osanjidwa bwino, ndipo mayi wina wosawadziwa ankawakonzakonza akumwetulira. Anthu olowa ankaima pomwepo, kunyamula kandulo, kununkhiza.

Mwini sitolo anatulutsa chikwama chimodzi, anachitembenuza, anayang'anitsitsa kambalameko n'kunena kuti chizindikiro chokongola chotere sanachionepo pa katundu wa m'sitolo mwake. Anafunsa amene anajambula. Amake Mapasa anati ndi mwana wawo, ndipo aka kanali koyamba kunena zimenezo mosachita manyazi. Mwini sitoloyo anati n'zachisoni, zikanafika dzulo nkhani ikanakhala ina, koma shelefu ija wapangana kale ndi mayi wa makandulo mpaka chaka chithe. Malo amene anatsala anali kumbuyo, shelefu ya pansi penipeni, pafupi ndi maambulera.

Amake Mapasa anapita kumeneko. Kuti asanje zikwamazo anayenera kugwada. Anaziika chimodzichimodzi, kambalame kakuyang'ana kunja, ndipo chilichonse akachigwira ankamva kuuma kwa bokosi lija pansi pa thumba. Miyendo ya anthu inkadutsa pambali pawo kupita ku mabuku. Foni inalira m'thumba mwawo. Ataona kuti ndi Ainjiniya anaisiya ilire mpaka kutopa. Itasiya, anaimbira mwana wawo.

"Zafika, amayi?" anafunsa mtsikanayo. "Zili pakhomo paja?"

"Zafika, mwanawe, koma pakhomo pali makandulo a eni ake. Ine ndagwada kuno kumbuyo."



"Tepi ija ndaiona," anatero Amake Mapasa. "Ndi magalasi, ndi anapiye. Kambalame kako n'kokongola. Kungoti chifukwa cha ine, wofuna kukaona ayenera kuwerama. Uthenga uja unditumizirenso, ndiuwerenga wonse."

Phunziro: Chithunzi chooneka bwino pa foni sichitanthauza kuti chituluka bwino pa nsalu, pa pepala kapena pa chikwangwani. Musanapange kanthu, funsani wosindikiza mtundu wa fayilo imene makina ake amafuna, ndipo pemphani fayiloyo kwa amene anajambula. Zodula ndi zokulitsa zimafuna SVG, zoika pa nsalu ya mtundu zimafuna PNG yaikulu yopanda chakumbuyo, za pa pepala zokhala ndi zilembo zimafuna PDF, pamene JPG imayenera zithunzi za kamera ndi zongoonetsana. Kusintha dzina la fayilo sikusintha zam'kati, ndipo fayilo yokana kutseguka pa foni yanu si chinyalala. Isungeni monga telala asungira patani yake, yesani pa chinthu chimodzi musanapereke zonse, ndipo wodziwa akakhala mwana wanu yemwe, m'funseni ndithu. Safunsa adadya phula.